Mphika wa kumiyendo

Mkamwini wanga, mwamuna wa malemu mwana wanga wachiwiri, anthu a mumsewu mwathu amamutcha a Mafunditsa. Dzinali analiyambitsa ndi wogulitsa makala wa pamphambano, ndipo analiyambitsa ndi mtima wowawa, chifukwa makala amene ena amatha pa tsiku, mkamwini wanga amatha nawo sabata. Amaphika nyemba m'bulangete. Akaziwiritsa pang'ono pambaula amaphula mphikawo ukubwadamuka, n'kuufunditsa ngati mwana, n'kuusiya uzipsa wokha. Anthu amaseka. Ine sindiseka nawo, chifukwa ndikudziwa kumene kaphikidwe kameneka kanachokera, ndipo ndinaona ndi maso anga chimene kanamutayitsa.

Ndi munthu wamtali, wowonda, wosayankhulayankhula. Ntchito yake ndi kuluka madengu. Saluka ndi nsungwi ayi. Amatola timalamba tapulasitiki tomangira mabelo a zovala, timene ogulitsa amataya kumsika, n'kutitsuka, n'kutiwongola padzuwa, n'kuluka madengu opitira kokagula zinthu. Zala zake n'zodzaza ndi timabala. Kuseri kwa nyumba ali ndi kadimba ka masamba, anyezi ndi tomato, ndi khola la nkhuku limene anamanga ndi zitseko zakale. Tsiku limene mwana wanga anabwera naye kudzandionetsa, azibale anayang'ana nsapato zake. Ine ndinayang'ana manja. Tiyi asanawire anali atakonza kale chitseko changa cha kukhitchini, chimene ana anga aamuna anakhala akuchikankha ndi phewa chaka chathunthu. Ndinati uyu ndiye munthu.

Mwana wanga wamkulu sananene choncho. Iyeyo anakwatiwa ndi mwini sitolo ya zipangizo zomangira nyumba, amakhala kumpanda, pageti pali mlonda, ndipo Mulungu sanamupatse mwana. Izi sindikunena momunyoza. Ndi mwana wanga, ndinamubereka ndekha, ndipo amene angamuseke pa zimenezo adzalawa mbama yanga ngakhale ndakalamba chonchi. Koma kuyambira tsiku loyamba ankati mng'ono wake wakwatiwa ndi wotola zinyalala, ndipo mawu amenewa sanawabwezepo.

Mng'ono wakeyo anabereka mwana mmodzi, wamkazi, amene timamutcha Katsabola chifukwa cha pakamwa pake. Katsabola atangoyamba sukulu, mayi ake anadwala chifuwa. Nyumba yawo ndi ya zipinda ziwiri, khitchini ndi kakhonde kotchinga ndi malata, moti utsi wa mbaula unkalowa pawindo la kuchipinda, wodwala n'kutsokomola mpaka kusanza. Ndiwo zimene ankakwanitsa kugula tsiku ndi tsiku zinali nyemba, ndipo nyemba zimafuna moto wa m'mawa wonse. Kuwonjezera apo, mapazi a wodwalayo ankazizira ngati miyala ya mumtsinje, ngakhale tiwatikite bwanji.

Mkamwini wanga anatenga mavuto awiriwa n'kuwalukira pamodzi. Ankaviika nyemba madzulo. M'mawa ankanyamula mbaula kupita nayo kumapeto kwa dimba, kutali ndi windo, n'kuziwiritsa kumeneko. Zikabwadamuka bwino ankazimitsa makala ndi mchenga kuti adzagwirenso ntchito mawa, chivundikiro n'kuchimanga ndi kalamba kuti chisatseguke, mphika n'kuukulunga m'mapepala ndi m'thaulo lakale, n'kukauika kumiyendo kwa mkazi wake, m'kati mwa bulangete. Wodwala ankaponda mphikawo n'kupeza tulo. Pofika masana nyemba zinali zitapsa, zofewa ngati zatha mtolo wa nkhuni.

"Amayi, mwaona?" anandiuza tsiku lina mwana wangayo, mawu akutuluka movutikira. "Mbaula ya m'nyumba muno ndine. Ndimaphika ndili chigonere."

"Mbaula yake yolongolola," anatero mwamuna wake ali pakhomo ndi dengu losamaliza.

"Ndiye muzindilipira ngati mmene mumalipirira wamakala uja."

"Wamakala sadya nawo nyemba."

Anaseka mpaka chifuwa chinamugwira, ife n'kumudzutsa kuti apume. Miyezi imeneyo ndi imene ndinamudziwa mkamwini wanga. Ankamusambitsa, ankachapa zonse zimene wodwala amadetsa, osanyinyirika. Mkulu wake wa wodwalayo ankatumiza mankhwala ndi dalaivala, zimenezo sindingakane, ndipo anali mankhwala odula. Koma yekha akabwera ankaima pakhomo la chipinda, kampango kali pamphuno, n'kufunsa za kuchipatala, n'kumapita. Bulangete sanalivundukulepo. Za mphika sanazidziwe.

Mwana wanga anamwalira nyengo yozizira isanathe.

Anthu a pamaliro asanabalalike n'komwe, mipando ya eni ake isanabwezedwe, wamkulu uja anamuitanira mkamwini wanga kuseri kwa nyumba. Ine ndinawatsatira, chifukwa mayendedwe a mwana wanga ndimawadziwa.

"Alamu, ndisazungulire. Mwanayu ndimutenga."

"Mwanayu ali ndi kwawo, alamu," anayankha maso ali pansi.

"Kwawo kwake kuti? Kuno? Mwamuna yekha angalere mwana wamkazi? Adzamuluka tsitsi ndani? Akadzakula adzamulangiza ndani?"

"Ine ndafa?" ndinafunsa.

"Amayi, inu mwakalamba."

"Ndakalamba, koma sunandiike m'manda. Mwanayu wataya mayi dzana, ukufuna lero ataye bambo? Bambo ndi bambo, usamuone kung'ambika kolala."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana khola la nkhuku lija, n'kunena kuti, "Tiona." Kuyambira pamenepo ulendo wake uliwonse kunyumba imeneyo sunali wodzacheza. Ankabwera kudzafufuza. Ankatsegula mabigiri, ankayang'ana zikhadabo za mwana, ankakweza diresi kuti aone ngati nthiti zikuwerengeka. Ife tonse tinkadziwa kuti tsiku limene adzapeze chogwira, mwanayo wapita.

Ndiye mkamwini wanga anakhala moyo wa munthu woyenda pa ulusi. Sanafune kuti mwana agone ndi njala, sanafunenso kupempha kanthu kumpanda kuja. M'nyumba mwake munalibe chotayidwa. Madzi otsukira mbale ankathirira anyezi. Makoko a mbatata ankadya nkhuku, nkhuku n'kubweza mazira. Tomato ankagula madzulo, wophwanyika amene amayi a pamsika atopa naye, n'kumuwiritsa, n'kumusunga m'mabotolo. Tizidutswa ta sopo ankatiponya m'sokosi yakale, ikadzaza n'kumachapira yomweyo. Mphika umodzi wa nyemba ankausintha nkhope: lero zokhazokha, mawa zosinja ndi anyezi, mkuja msuzi wake ndi masamba.

"Ababa," ankatero Katsabola akununkhiza mbale, "alendo a dzana aja abweranso. Angosintha malaya."

"Alandire bwino, ndi achibale."

"Achibale osadziwa kutsanzika!"

Koma ankadya, n'kunyambita chala, masaya ali nenepe.

Za tsitsi zija anaziphunzira yekha. Ine manja anga ndi a nyamakazi, sindingagwire tsitsi la mwana. Iye anakhazika mwanayo pakati pa miyendo n'kuyamba kuluka mmene amadziwira, ili pamwamba, ili pansi, kuyambira pakati pa mutu n'kumazungulira. Atamaliza, mutu wa mdzukulu wanga unali ngati kunsi kwa dengu. Mayi woyandikana nawo, wogulitsa mazira, anasuzumira pampanda n'kukuwa kuti, "A Mafunditsa, mwaiwala chogwirira!" Msewu wonse unaseka. Katsabola anakadziyang'ana pagalasi, n'kutuluka manja ali m'chiuno.

"Inu anakulukani ndani? Bambo anu amatha?"

Patapita milungu yochepa anali mayi yemweyo amene ankatumiza ana ake kuti akalukidwe kwa a Mafunditsa.

Mphika sanaleke kuufunditsa. Makala anali atakwera mtengo, ndipo ndikuganiza kuti panalinso china chimene sankanena. M'nyumbamo bulangete lochindikala linali limodzi, lija la malemu, ndipo ndi limene ankafunda Katsabola. Iye mwini ankafunda kansalu kopyapyala ndi jekete. Choncho masana bulangetelo linkafunda nyemba, usiku n'kufunda mwana. Ngakhale aliyanike padzuwa, fungo silinkachoka, ndipo linkatsala pa mwanayo. Kusukulu mtsikana wina anamuuza kuti akununkha ndiwo za dzulo. Katsabola anamuyankha kuti bola iye akununkha ndiwo, kusiyana ndi ena onunkha mphasa yonyowa. Anagwirana, aphunzitsi n'kuwaleretsa. Atandifotokozera ndinamukalipira pakamwa pokha, mumtima ndikuti mkazi mnzangayu ndi magazi anga enieni.

Ndinamuuza mkamwini wanga kuti apeze bulangete lina la mphika. Anati wamva, ali ndi madengu amene wina wa sitolo waitanitsa, akangowapereka agula. Ndiye munthu ukaona mmene zinthu zimayendera! Tsiku lokapereka madenguwo ndi limene zonse zinaonongeka.

Chaka chinali chitazungulira, kuzizira kutabweranso. Katsabola anadzuka ndi chimfine, thupi likutentha koma mapazi ali zii. Bambo ake anamumwetsa mankhwala, anamupatsa tiyi ndi dzira, ndipo atagwira mapazi aja anachita chinthu chokhacho chimene manja ake ankadziwa. Anawiritsa nyemba, anamanga chivundikiro, anakulunga mphika, n'kuuika kumiyendo kwa mwana wake. Kenako anadutsira kwanga, madengu ali pamutu ndi m'manja, kudzandiuza kuti ndikamuone mwanayo iye akathamangire kumsika.

Ndikutseka chitseko kuti ndizipita, galimoto ya wamkulu uja inaima pakhomo panga. Anamva kuti mwana sanapite kusukulu. Amene anamuuza sindikumudziwa mpaka lero, koma mumsewu mwathu muli anthu amene lilime lawo limayenda mofulumira kuposa galimoto. Tinapita limodzi.

Atalowa pakhonde anayamba wagwira mbaula. Inali yozizira.

"Amayi, dzuwa lili pamutu, mwana akudwala, m'nyumba muno simunayake moto."

"Unayaka m'mawa."

"Nanga chophikidwacho chili kuti?" Anavundukula mapoto a pa alumali, onse ali mbee. "Bambo ake ali kuti?"

"Apita kukapereka madengu. Abwera posachedwa."

"Madengu!"

Analowa kuchipinda. Katsabola anali m'tulo, thukuta lili pamphumi. Kumiyendo kwake bulangete linali litatukuka. Mwana wanga anaima, n'kuloza.

"N'chiyani icho?"

Ndisanayankhe anakoka bulangete. Thaulo linamasuka, mapepala n'kuyalukana, mphika uli poyera, wakuda bii, timapazi ta mwana titautsamira. Anaugwira n'kubweza dzanja msanga. Katsabola anadzidzimuka.

"Mayo ine! Mphika wamoto pabedi la mwana wodwala! Ukanagubuduzika? Amayi, inu mumadziwa zimenezi?"

"Sugubuduzika, ndi womanga. Khala pansi ndikuuze."

"Mundiuze chiyani? Kuti mwana wa mng'ono wanga asanduka chophikira nyemba?"

Apa Katsabola, ndi kamwa lake lija, anafuna kuteteza bambo ake. Anadzuka n'kukhala tsonga, mawu ali osasa.

"Amayi aakulu, sukuotcha ayi. Umafunditsa mapazi. Ndi mmene ababa ankachitira ndi amayi."

Mwana wanga anatembenuka pang'onopang'ono. Nkhope yake sindidzaiiwala.

"Ankachita chonchi ndi amayi ako?"

"Ee, tsiku lililonse."

"Ndiye amayi akowo ali kuti?"

Ndinamva nkhuku ikutetera kuseri. Katsabola anayang'ana mphika uja, n'kukoka mapazi ake pang'onopang'ono mpaka mawondo anafika pachibwano.

Ndinamumenya mbama mwana wanga, mayi wamkulu wa pabanja pake, ndipo dzanja limeneli silinandipweteke ngakhale lili ndi nyamakazi. Anagwira tsaya, anatuluka, galimoto n'kulira. Koma mawu si nkhuku yoti ungaithamangitse n'kuibwezera m'khola.

Mkamwini wanga anafika akumwetulira, bulangete latsopano lili m'khwapa, lotuwa, lotchipa, la mphika. Ndinamuuzira panja zimene zachitika. Analowa, anachotsa mphika pabedi, anapakula nyemba m'mbale n'kukampatsa mwana. Zinali zitapsa bwino ngati masiku onse. Katsabola anayang'ana mbaleyo n'kutembenukira kukhoma.

Chimfine chinatha, koma mwanayo sanabwerere mwakale. Pabedi paja anakana kugonapo, anasamukira kwanga. Tsiku lina ndikusankha mpunga pakhonde anakhala pafupi nane, akuseweretsa mwala.

"Agogo, kodi amayi anafa ndi mphika?"

"Iwe! Amayi ako anafa ndi chifuwa. Madokotala ananena, ine ndinalipo."

"Nanga bwanji ena amadwala chifuwa n'kuchira?"

"Imfa ilibe bwanji, mwana iwe."

"Koma enawo sawaikira mphika."

Ndinamufotokozera za utsi, za mapazi ozizira, za mmene mayi ake ankasekera. Ndinamutengera ngakhale kwa nesi wopuma ntchito wa kuseri kwathu, amene anamuuza zomwezo. Ankagwedeza mutu ngati wamva. Koma mwana akameza chinthu sungachitulutse ndi chala. Wamkulu, wovala bwino, wobwera pagalimoto, anali atanena, ndipo anali atanena mayi ake enieni atafadi.

Bambo ake analeka kufunditsa mphika. Anayamba kuphika pamoto m'mawa wonse ngati wina aliyense, wamakala uja n'kumamuseka kuti, "A Mafunditsa, mwatembenuka mtima? Bulangete lapuma pantchito?" Sizinathandize. Katsabola nyemba sankazikhudza, kaya zaphikidwa pati. Bambo ake anayamba kumuphikira mazira, mazira osakwana. Anapha nkhuku, kenako ina, kenako ija yoikira kwambiri. Khola linayamba kukhala phee. Madengu sankalukanso mokwanira, chifukwa nthawi inkathera pambaula. Mwana ankaonda, bambo ankaonda, ndipo nthabwala za alendo osintha malaya zinatheratu. Pa chakudya pankangomveka supuni.

Wamkulu uja anabweranso, ulendo uno ndi mwamuna wake. Tinakhala m'nyumba mwanga. Mwamunayo ankangoseweretsa makiyi. Mwana wanga sanapepese. Anangoti tsiku lija anayankhula ndi mkwiyo, koma aliyense ali ndi maso, aone mmene mwana waonongekera.

"Waonongeka ndi pakamwa pako," ndinatero.

"Amayi, sindinabwere kudzakangana. Kwathu kuli chipinda chake, kuli sukulu yabwino, kuli chakudya. Mwana wa mng'ono wanga ndi mwana wanga. Timufunse mwini wake."

"Mwana safunsidwa zotere! Ungafunse mwana kuti asankhe pakati pa bambo ake ndi shuga?"

"Mufunseni," anatero mkamwini wanga. Anali mawu ake oyamba tsiku limenelo.

Anamuitana Katsabola. Anaima pakati pathu, diresi likulendewera m'mapewa, zala zikupotokola mpendero.

"Mwanawe," anatero mayi ake aakulu ndi mawu othira uchi, "ukufuna kukhala kuti?"

Sanayang'ane aliyense. Anayankhula motsitsa, moti ndinachita kutchera khutu.

"Kumene kulibe mphika."

Mwamuna wa makiyi uja anatsokomola. Ine ndinadzuka kuti ndiyambe nkhondo, chifukwa ndinali nditakonzeka kugona pakhomo kuti galimotoyo iyambe yaponda ine. Koma mkamwini wanga anandiyambirira.

"Apite," anatero.

Ndinamutulutsira panja pomukoka malaya, ulemu wonse nditauiwala.

"Ndinu mwamuna wanji inu? Mwana amaperekedwa ngati dengu? Ine ndamenya mwana wanga wobereka ndekha chifukwa cha inu, lero mukungoti apite?"

"Amayi," anatero, "mwanayu akundiopa. Ndikamupatsa mbale amayamba wayang'ana manja anga. Akakhala kuno adzafa ndi njala chakudya chili patsogolo pake."

"Adzaiwala! Ndi mwana!"

"Akaiwalire kumene akudya."

Anapita kunyumba kwake n'kubwera ndi zovala za mwanayo, zochapa, zosita, zopinda bwino. Katsabola anandikumbatira ine. Bambo ake anangowapatsa dzanja, ngati mlendo. Galimoto itakhota pamphambano, mkamwini wanga anandifunsa ngati ndili ndi chitseko china chofuna kukonza. Ndinati ndilibe. Anazungulira nyumba yanga yonse mpaka anapeza ndowa yodontha, n'kukhala pansi kuyamba kuimata.

Anthu amati chibale ndi fupa, sichiwola. N'zoona sichiwola, koma palibe amene amanena kuti fupa limatsamwitsanso. Mwana wanga wamkulu amanditumizira shuga ndi mafuta ndi dalaivala wake. Ndimabweza. Kunyumba kwake ndinalumbira kuti sindidzapondako, ndipo ndinasunga lumbirolo mpaka tsiku limene mayi wa mazira anandiuza zimene zimachitika pageti paja.

Mkamwini wanga amapitako Loweruka lililonse. Amayenda wapansi, atanyamula masamba a m'dimba mwake, omanga bwino, otsuka, ndi tomato ngati wapsa. Loweruka lotsatira ndinavala nsapato zanga zopweteka n'kupita naye. Titagogoda, mlonda anasuzumira pakabowo ka geti, n'kutembenukira kunyumba, n'kukuwa.

"Wamasamba uja wabwera!"

"Wati chiyani?" ndinafunsa.

"Ndati wamasamba, agogo. Kodi muli limodzi?"

"Tsegula getili ndikuone nkhope. Awa ndi bambo ake a mwana wa m'nyumba umo. Bambo ake omubereka. Ukuwenso bwinobwino."

"Pepani agogo, ine sanandiuzepo. Amangoti akabwera ndizilandira masamba."

Ndinayang'ana mkamwini wanga. Miyezi yonseyi sanamuuzepo mlondayo kuti iye ndi ndani. Ankaima panja, mwana akatuluka n'kucheza naye pang'ono, akapanda kutuluka n'kusiya masamba n'kubwerera.

Eni nyumba kunalibe. Katsabola anatuluka. Wanenepa, zimenezo ndivomere, khungu likusalala, nsapato zili phuliphuli. Anandithamangira ine, kenako anaima mwaulemu kutsogolo kwa bambo ake, manja ali kumbuyo.

"Mwaswera bwanji, ababa?"

"Ndaswera bwino, mayi. Sukulu ikuyenda?"

"Ikuyenda. Ndinakhoza masamu."

"Wachita bwino. Ndamva kuti kuli tsiku loti makolo akaone ntchito za ana."

Mwanayo anayang'ana kugeti, n'kuyang'ana nsapato zake.

"Amayi aakulu ati apita okha ndi adadi. Ati inu musavutike."

"Adadi ndi ndani?" ndinafunsa, ngakhale ndinkadziwa kuti ndi mwamuna wa makiyi uja.

Wantchito wa m'nyumbamo anabwera kudzatenga masamba aja, anawatembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti a sabata yatha anali ndi tizilombo. Mkamwini wanga anapepesa. Anapepesa, ine ndili pomwepo!

Pobwerera sindinamuyankhule mpaka tinafika pamphambano. Mapazi anali atatupa, mtima utatupa kuposa mapazi. Pamenepo ndinamuuza kuti Loweruka likubwerali avale jekete lake labwino lija, apite manja ali m'thumba, agogode ngati bambo, alowe akakhale pampando wa pabalaza mpaka amupatse tiyi. Masamba asiye. Akapitiriza kunyamula masamba adzafa ali wamasamba.

Anamvetsera zonse mwaulemu, mmene amachitira nthawi zonse.

"Ndamva, amayi," anatero. "Koma kwa mwana wanga ndipite chimanjamanja?"